Chala Chimene Chidadzutsa Kompyuta ya Esinati

Amene akuti ndikunama achoke pamzerepo, abwere adzandiyang'ane m'maso. Inu a Mbewe, ndakuonani mukutsokomola chabodza kuti mubise kuseka. Sekani, mano ndi anu. Koma dziwani kuti kalata imene mwabwera kudzataipitsa m'shopu ya mwana wanga Esinati umu ituluka m'kompyuta yomwe idadzutsidwa ndi chala ichi, chachikuluchi, chakumanjachi. Chiyang'aneni bwino. Musachigwire, sichinadye lero.

Ine Gidiyoni, kuyambira pa Chezi pano kukafika kwa Dzoole mpaka kutulukira ku Bowe, palibe mlimi wa fodya amene sandidziwa, chifukwa chaka chimene jeke ya kalabu yathu idathyoka pakati pa nyengo yodinda mabelo, anthu akulira kuti fodya aonongekera m'zigafa, ine ndidangovula malaya, n'kuwauza kuti aziponya fodya m'bokosi, ndipo mabelo onse a midzi isanu ndi iwiri ndidawadinda ndi chala chokhachi, moti belo lina ndidalipanikiza mopyola muyeso mpaka lidachepa ngati buledi, ndidapita nalo kumsewu m'thumba la jekete, koma titangoliika palole matayala anayi adaphulika nthawi imodzi. Mukumva? Chala chake ndi chimenecho.

Tsono Esinati ndiye mwana wanga womaliza. Adakaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, n'kugwirako ntchito m'shopu ya eni ake. Chimwalirire mayi ake, nyumba yanga idali zii, ndinkalankhula ndi nkhuku. Ndiye tsiku lina mwanayu adatsika minibasi ndi makatoni, akuti wabwera kudzatsegula shopu yakeyake kwawo, yotaipa makalata, kusindikiza makadi aukwati ndi mapulogalamu a kutchalitchi. Kompyuta yokonzakonza sadagule ayi. Ankagula chiwalo chimodzichimodzi, mwezi uno ichi, mwezi wamawa icho, ati chinthu chomanga wekha umadziwa pamene chimadwalira. Ine ndidasangalala mpaka ndidapha tambala amene ndinkacheza naye kwambiri.

Vuto lidali limodzi. Mnzake wina wa ku Joni ankangoimba foni, ati bwera kuno ntchito ilipo, malo akusungira mpaka Loweruka basi. Esinati adandiuza mosabisa: “Abambo, zonse ndinali nazo zili m'makatonimu. Kompyutayi ikakana kuyaka, Loweruka ndikwera basi.”

Lachinayi m'mawa adayala mphasa, n'kugoneka chibokosi chachitsulo chammbali, n'kuyamba kulowetsamo ziwalo zija mosamala ngati akuika mazira m'dengu. Atamaliza adalumikiza mawaya, adapukuta manja pachitenje, n'kudina batani. Fani ya m'kati idazungulira, chinthucho chidalira katatu ngati mwanapiye wotayika, pii, pii, pii, basi. Sikirini bii!

Ndikati bii musaganize mdima wamba umene mumaudziwa inu. Udali mdima wokhuthala moti udayamba kudontha pansi kuchokera pasikirinipo, n'kuyenderera mpaka pakhomo, nkhuku zitauona zidakalowa m'khola dzuwa lili paliwombo, mayi wina wogulitsa tomato adaponda m'menemo phazi lake silidaonekenso mpaka mawa lake, ndipo ine ndi Esinati tidachita kuukolopa ndi chiguduli n'kukaukhuthulira kudzala, komwe mpaka lero udzu umamera wakuda. Pitani mukaone, a Mbewe, si patali.

Mwana uja sadafooke msanga. Adayesa soketi ndi ketulo, madzi adawira bwinobwino. Adasintha chingwe cha magetsi. Adayang'ana kaswichi kakumbuyo kwa bokosi, kadali koyatsa. Adakabwereka sikirini ina kwa aphunzitsi a kusekondale, nayonso bii. Aphunzitsiwo adabwera okha, adazungulira bokosi kawiri manja ali kumbuyo, n'kunena kuti mwina ndi kuzizira kwa kuno ku Dowa. Mkulu wa mpingo mnzanga adaipempherera pemphero lalitali loyambira pa Adamu, pofika pa aneneri ang'onoang'ono ndevu zanga zidali zitakula chala chimodzi. Titati amen, Esinati adadina batani. Pii, pii, pii.

Apo m'pamene ndidati ana inu patukani, alowepo munthu amene wadzutsapo ng'ombe zapangolo zokana goli. Choyamba ndidaganiza kuti magetsi akumafika atatopa, chifukwa zitunda zathuzi ngakhale njinga imafika pamwamba ikupuma wefuwefu, ndiye ndidatuluka, ndidagwira mawaya a pamitengo aja n'kuwakoka ngati chingwe choyanikapo zovala, mpaka ndidawongola zokhotakhota zonse kuchokera kuno kukafika ku Ntchisi, magetsi adabwera akuthamanga osaima, mababu a m'magolosale adawala mpaka anthu ankaona mafupa a m'manja mwawo, chigayo cha patsidyapo chidagaya matumba makumi atatu chisanayatsidwe n'komwe. Kompyuta ija? Pii, pii, pii.

Ndidati kapena ndi fumbi. Ndidakoka mpweya, n'kuuzira m'bokosimo kamodzi kokha, ndipo fumbi lonse la pamsika wa Chezi lidanyamuka pamodzi ndi zipewa za anthu, madengu opanda kanthu ndi mbuzi imodzi yowonda, zonsezo zidakatera kuseri kwa phiri, mwini mbuzi adakaipeza patatha masiku atatu itanenepa kale ndi msipu wa kumeneko, mpaka adabwera kudzandithokoza ndi nkhuku. Mukumva? Koma chinthu chija, ngakhale kuphethira.

Za aphunzitsi zija ndidaziyesanso. Ndidaifunditsa bulangete langa, ndidaiothetsa dzuwa, ndidaikalipira ngati ng'ombe, ndidainyengerera ngati mpongozi. Lachinayi lidatha, Lachisanu lidafika masana, ndipo ine amene ndidadinda mabelo a midzi isanu ndi iwiri ndidali nditagonja kwa kabokosi kosafika ngakhale m'mawondo.

Apa ndiye musaseke. Esinati adazula chingwe kukhoma. Adakatenga makatoni aja n'kuyamba kuwatambasula. Chikwama chake chidali kale pakhomo, nsapato atazimangirira pamwamba. Ankayesa kumwetulira kuti ine ndisadandaule. Mtima wanga udawawa, anthu inu. Ku Joni anthu amapita ndi mawu akuti tibwera pa Khirisimasi, ndipo ndikudziwa makonde ambiri kuno amene akudikirabe Khirisimasi imeneyo. Tambala wocheza naye ndidali nditadya kale.

Ndidagwada pamphasa paja, n'kusuzumira m'mimba mwa chinthucho komaliza. Diso la munthu wodinda fodya silinamizidwa, limadziwa belo lopendekeka lili patali. M'katimo muli kachitsulo kakatali kopyapyala ngati chipeso, amati ramu, ndiko kamagwira nzeru za kompyuta ikamaganiza, ndipo kopanda iko chinthucho sichidziwa ngakhale dzina lake. Ine ndidaona kuti mbali imodzi ya kachipeso kaja yalowa m'ngalande yake, koma mbali inayo yatsalira m'mwamba pang'ono, mpata wake wongokwana tsitsi limodzi la khanda. Mwana uja adakaika mwaulemu kwambiri poopa kukathyola, chikhalirecho kamafuna kukanikiza mpaka kalire.

“Abambo, musakhudze pamenepo, kamathyoka!” adakuwa Esinati.

Mochedwa. Chala chidali chitafika kale. Sindidaike mphamvu zonse ayi, ndikadatero bwenzi kompyutayo itatulukira kunsi kwa dziko. Ndidangotapako pang'ono ngati mchere wothira m'ndiwo. Kadangoti tche! Kaphokoso kakang'ono, koma belu la kutchalitchi lidayankha lokha, agalu a kwa Dzoole adauwa, ndipo mayi wina ku Bowe amene khutu lake lidatseka chaka cha njala lidatseguka nthawi yomweyo.

Esinati adaponya katoni pansi. Adandiyang'ana, adayang'ana m'bokosi, adathamangira kukhoma n'kubwezera chingwe, n'kudina batani maso atatsinzina. Pii kamodzi kokha. Kenaka sikirini ngwee!

Abale, kuwala kwake! Kudatuluka pazenera n'kukagunda phiri la Ntchisi, nkhungu imene imakhala pamenepo chilengedwere dziko idathawa osatsanzika, anyani a m'nkhalango adaphimba kumaso, fani ija idazungulira mokondwa mpaka idaumitsa fodya yense wa m'zigafa za kuno tsiku limodzi, ndipo kompyutayo, ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene ndimam'tumikira, mawu ake oyamba kulemba pasikirini adali akuti “Zikomo a Gidiyoni, ndinali nditapanikizika.” Adafufutika msanga, n'chifukwa chake ndidawaona ndekha.

Mwana uja adalumpha, adakuwa, adandikumbatira mpaka nthiti zidalira. Adatenga foni pomwepo n'kuimbira mnzake uja: “Malowo apatseni ena, ine sindibwera.” Atatero adachotsa chikwama pakhomo n'kukachiponya kuchipinda. Ine ndidatuluka panja, mkulu wa mpingo wathunthu, ndidavina kuchokera pakhonde lino kukafika pamsewu waukulu, amayi a pamsika akululutira, ndipo dzenje limene mapazi anga adakumba tsiku limenelo ndi lija anyamata akabaza amalizemba pafupi ndi chigayo.

Mwamva? Ndi Esinati ameneyo akukuwa m'katimo. Akuti chiyani? Akuti, “Abambo, auzeni za bondo!” Ana a masiku ano, munthu sungamalize nkhani bwinobwino. Taipa makalata a anthu, mayi iwe!

Chabwino, poti a Mbewe ayamba kale kugwa pabenchi, ndinena. Kachipeso kaja sindidakaone. Maso angawa ngakhale nambala ya nyimbo kutchalitchi amachita kundiwerengera. Ndidagwada paja n'kuzika nkhope m'bokosi kuti mwana asaone kuti bambo ake akulira. Pofuna kudzuka, bondo lakumanzereli lidakana, ndidapepesuka, ndidafuna pogwira, ndipo chala chidakagwera pomwe chidagwerapo ndi thupi langa lonse pamwamba pake. Nditamva kuti tche, ndidati basi, ndathyola chuma cha mwana, basi ya ku Joni ija ndam'kweza ndine.

Sekani, sekani. Koma mundiyankhe. Aphunzitsi adazungulira, chidayaka? Mkulu wa mpingo mnzanga uja adapemphera mpaka aneneri, chidayaka? Bondo lidakana lija ndi la yani? Chala chidagwera paja ndi cha yani? Lowani a Mbewe, nthawi yanu yakwana. Mukalowa muyang'ane bwino amene wakhala pampandoyo, mudzandiuze ngati ali ku Joni.