Ndinabwereka Magazi a Mng'ono Wanga

Ku esiteti ya tiyi amandidziwa ngati kapitawo waukali, koma ndikaona jakisoni ndimathawa ngati mwana. Mantha amenewa anatsala pang'ono kundipititsa kumanda.

Zilonda zapakhungu zitandizunza, ndinapita kuchipatala ndi mng'ono wanga Jowakimu, wakabaza wa ku Muloza. Adokotala anati mankhwala alipo, koma ayambe andiyeza magazi, chifukwa anthu ena amabadwa ndi magazi amene mankhwalawo amawawononga. Anati n'zotengera kwa makolo, ndipo amunafe timatengera kwa amayi.

Nzeru zoipa sizichedwa kubwera. Ine ndi Jowakimu tinayamwa bere limodzi, ndiye magazi angasiyane pati? Dzina langa litaitanidwa kuchipinda choyezera, analowa ndi Jowakimu, ine nditabisala kuseri kwa thanki ya madzi (bambo wa ndevu zake, mwini ana anayi). Zotsatira zinatuluka zabwino, ndipo ndinalandira mapilisi ndikudzitama mumtima.

Sabata isanathe maso anachita chikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinagwa m'munda ndili mkati mokalipira othyola tiyi, ndipo omwewo ndiwo anandinyamula.

Kuwodi adokotala anasowa mtengo wogwira. Anaitana mkulu woyeza magazi n'kuyamba kumudzudzula pafupi ndi bedi langa kuti anasokoneza mabotolo, ndipo ntchito ikhoza kumuthera. Bambo wosalakwa uja anangoti zyoli. Ine ndinayesa kutseka maso ngati ndagona, koma mtima unakana.

"Adokotala, asiyeni awo," ndinatero ndi kamawu ka mwanapiye. "Magazi aja anali a mng'ono wanga."

Mkazi wanga anafunda chitenje kumutu. Adokotala sanakalipe (bola akanakalipa). Anangofotokoza mofatsa kuti mayi mmodzi sagawira ana ake zofanana: Jowakimu anatengera mbali yolimba, ine yofooka. Ndinapepesa kwa mkulu uja misozi ili m'maso, manyazi atandigwira mpaka kuphazi.

Ndinathawa singano imodzi, koma anandibaya mpaka mikono yonse kuwawa. Anafunanso wachibale woti apereke magazi, ndipo anapita ndi Jowakimu yemwe uja. Pobwera, atatsindira thonje pamkono, anati, "Achimwene, ulendo uno n'zololedwa. Koma kachitatu mukabwereke kwina."

Ndikanakonda kunena kuti ndinasintha. Koma a katemera atafika ku esiteti chaka chatha, ndinangozindikira maso anga akusakasaka Jowakimu.