Duwa la Ndevu ku Kapata

Lolemba

Tisa, mwana wanga wa ku Joni, wanditumizira mphatso pa basi: timizu tisanu tofanana ndi jinja. Akuti ndi airisi, duwa lokhala ndi ndevu. Ndevu! Zaka zonse ndaphunzitsa sayansi ku pulayimale, izi sindinazimvepo. Zimamera pati? Zimachita imvi?

Malangizo ake pa foni:
1. Muzu osaukwirira, msana wake uziona dzuwa.
2. Madzi pang'ono.
3. Popanda chisanu chenicheni, maluwa palibe.

Chisanu, ku Kapata, mu Okutobala! "Adadi, ndikubwera pa Khisimasi, ndidzawapeze amoyo." Ndalonjeza. Mwanayu amati ine ndimatha kusamala choko basi.

Lachiwiri

Kafukufuku wayamba. Mizu itatu ndabzala kuseri kwa nyumba, misana pamtunda. Iwiri ikufunika chisanu. Firiji yanga inafa kalekale, ndimasungamo mabuku. Ndapita kwa a neba, Mayi Asiyatu, ogulitsa mafirizi, timadzi totsekemera toumitsa mu firiji, kwa ana a sukulu.

"Aphunzitsi, jinja saikidwa mu firiji."

Ndafotokoza zonse, za ndevu zomwe. Andiyang'ana kumutu ngati dzuwa landiwomba. Koma alandira.

Lachitatu

Kwafika alamu anga, a Zulu a ku Kasenengwa, ndi thumba la mtedza. Mlimi weniweni, manja ngati khungwa. Aima nthawi yaitali pa kadimba kanga.

"Alamu, mbewu kuisiya maliseche chonchi?"

Ndawauza kuti imafuna choncho. Agwedeza mutu. Kugwedeza kumeneku sikukundisangalatsa.

Funso la lero: muzu umadziwa bwanji kuti kunja kwazizira? Uli ndi khungu lomva?

Lachinayi

Ndapita kukayezetsa BP. Pobwera ndapeza:
- mzere waukulu ngati wa mbatata
- manyowa a nkhuku
- ndowa zitatu zopanda madzi
- alamu akumwetulira, khasu paphewa

"Ndakukonzerani. Inu a m'tauni musamavutike."

Mlendo wagwira ntchito pakhomo pako, ungafukule iye akuona? Mchimwene wa malemu mkazi wanga! Ndathokoza, ndawombanso m'manja. BP ndinangoiyezetsa pachabe.

Lachisanu

Magetsi athima kuyambira m'mawa. Mafirizi a Mayi Asiyatu asungunuka, muzu umodzi wasambira m'madzi ofiira tsiku lonse. Wafewa ngati nthochi. Wina wapulumuka, unali pamwamba.

Alamu athirira m'mawa, athiriranso madzulo. Akuti mbewu yachilendo imafuna chikondi. Ine ndakhala pakhonde, mtima uli kuseri kwa nyumba.

Loweruka

Ndawaperekeza alamu kokwerera basi. Ndabwerera ndikuthamanga, munthu wamkulu ine! Ndafukula ndi manja. Fungo lake, mayo ine! Yonse itatu phala lokhalokha. Chodabwitsa: umodzi unayamba kutulutsa kansonga kobiriwira. Unkayesetsa. Apa pokha ndamva chisoni kwambiri.

Watsala umodzi. Sindigona nawo kutali, mawa ndikautenga.

Lamulungu

Titaweruka ku Misa, ndapita kwa Mayi Asiyatu. Anditulutsira kaphukusi ka nyuzipepala, kolemera kuposa kale. Mkati: muzu wonenepa, wonunkhira.

"Uja unali wosanunkha n'komwe, aphunzitsi, anakunamizani. Ndinautaya dzulo, ndakuikirani wabwino wa mushopu. Musalipire."

Aseka mokoma mtima. Ndathokoza. Mlungu uno ndathokoza kwambiri. Kudzala ndasuzumirako, koma mbuzi zinafika kale.

Tisa wayimba. "Adadi, akukula?"

"Ndikubzala umodzi panopa, mwananga."

Si bodza. Jinja ndamukwirira bwinobwino, ndamuthirira ndowa yonse. Iyeyu chisanu sachifuna. Pa Khisimasi mwanayu adzamwa tiyi wa jinja, ine ndikuulula.

Ndevu zija sindinazione. Ndasiya kumeta zanga.