A Orval Stuckey ndi Batire la Bulu

Ku Cutler Fork, katawuni kathu ka m'mapiri a ku Idaho, kunalibe munthu wokayikira zinthu ngati a Orval Stuckey. Ukawauza kuti kunja kwacha bwino, ankayamba ayang'ana kumwamba kuti aone ngati sukuwanamiza. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, yankho lake linali lakuti, "Wakutuma ndani?" Mkaka ankaununkhiza wogulitsa akuona, ndipo madzi akuchitsime chawo chomwe ankayamba apatsako galu.

Chinthu chimodzi chokha chimene ankachikhulupirira chinali galimoto yawo, chigalimoto chakale chopanda denga, chokoka ndi matayala onse anayi, chimene anachitcha Bulu. Bulu anali wamkulu kuposa mwana wawo Colleen. Ankakwera misewu yamiyala ya kumigodi yakale kumene galimoto zamakono zimangoyang'anira patali, n'kutsika atasenza nkhuni kapena gwape.

Amene anadya nawo mavuto kwambiri anali Wanda Pruitt, mwini sitolo ya zipangizo za galimoto. Wanda anakula a Orval akumuona, moti ngakhale imvi zitamumera, kwa iwo anali adakali "mwana wa Gus."

Chaka china, masamba atayamba kuyoyoka, Wanda anamva wilibala ikulira panja. Posuzumira anaona a Orval akukankha batire lakale, nkhope ili ndwii.

"Mwana wa Gus, andibera moto."

"Ndani, madala?"

"Dwight Amsler. Galimoto yake itakana kulira ndinamugawirako moto ndi mawaya. Anapita nawo wonse, mpaka lero sanabweze."

"Zimenezo zinachitika chilimwe chatha!"

"Ndiye wakhala nawo nthawi yaitali."

Wanda analumikiza batire lija ku makina oyezera. Kamuvi sikanagwedere n'komwe.

"Lafa ili, madala. Likanakhala munthu bwenzi titaika kale."

"Makinawa ndi a ndani?"

"Anga."

"Wogulitsa mabatire ndani?"

"Ine."

"Nanga umati anene chiyani?"

Wanda anaseka, koma ankadziwa chimene chinkawadya mumtima, poti tawuni yonse inkachidziwa. Colleen, yemwe ankakhala ku Boise, anali atanenetsa kuti tsiku limene Bulu adzakane kulira adzamugulitsa, ndipo bambo ndi mayi ake adzawatenga kukakhala nawo mumzinda. Choncho Wanda anatseka sitolo n'kuwatsatira kwawo kuti akayeze malo a batire.

Atatsegula boneti anapeza thireyi imene batire limakhalapo itadyeka ndi asidi ndi dzimbiri. Wanda anangoidina pang'ono, chala chake n'kutulukira kunsi.

"Wabowola!" anakuwa a Orval. "Maxine, tabwera udzaone, wandibowolera galimoto ndikuona!"

Akazi awo a Maxine anangosuzumira pawindo. "Musiyeni mwana agwire ntchito, inu. Thireyi imeneyo inaola tisanakwatitse Colleen."

"Ndabwera kwa iwe ndi vuto limodzi," anatero a Orval akuloza Wanda, "wandipezera lachiwiri. Bambo ako ankatero kumene."

M'mawa mwake anafika kusitolo atakwapatira sikelo ya kubafa ya a Maxine. Wanda anawaikira mabatire pathebulo. Loyamba a Orval analiika pasikelo n'kupukusa mutu.

"Lopepuka chonchi? Moto wake ukhala pati?"

Lachiwiri linali lomata, lopanda zitsekerero zothirira madzi. Analizungulira, kuligogoda, kuika khutu.

"Akubisa chiyani m'katimu? Munthu wachilungamo samata pakamwa pa batire."

Lachitatu anafunsa kuti n'lotchipa chifukwa chiyani. Lachinayi anafunsa kuti n'lodula chifukwa chiyani. Linalo mitu yake inali mbali ina, yosafikika ndi mawaya a Bulu, ndipo anati amene analipanga anachitira dala powadziwa iwo. Dzuwa linapendeka asanasankhe kanthu.

Apo Wanda anaganiza nzeru. Batire loyenera Bulu ankalidziwa kale: lalifupi bwino losagunda boneti, mitu yake kumbali yoyenera, ndiponso lamphamvu zoti n'kuliza injini chisanu chitaumitsa chilichonse. Analikankhira pansi pa thebulo n'kuliphimba ndi chiguduli, koma ngodya imodzi anaisiya ikuonekera.

Tsiku lotsatira maso a a Orval anagwera pomwepo asanapereke n'komwe moni.

"Icho n'chiyani?"

"Palibe, madala."

"Palibe amafunda chiguduli?"

"Ilo si logulitsa. Ndasungira a Dwight."

"A-haa!" Anamenya thebulo mpaka mabawuti anadumpha. "Ndinadziwa ine! Galu wamkota sakandira pachabe. Zinyalala kundiikira ine pamwamba, chabwino kubisira wakuba moto! Tulutsa!"

Wanda anakana, anadandaula, anati a Dwight akhumudwa. A Orval analikumbatira batire lija ngati mwana wakhanda n'kuliika mu wilibala, akumwetulira koyamba sabata imeneyo.

Koma pa thireyi nzeru ija siinagwire. Wanda anawaonetsa yachitsulo chokhuthala, yopakidwa penti yakuda, yokhala ndi kachitsulo kopanira batire pamwamba.

"Penti imeneyi akubisa nayo dzimbiri," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Madala, batire losapanidwa limadumpha m'miyala muja. Likagunda boneti muona zakuda."

"Ukundiopseza kuti ndigule. Thireyi ndili nayo kunyumba."

Thireyi yake inali chiwaya cha a Maxine chowotchera nkhukundembo mu uvuni. Anachitenga eni ake ali kutchalitchi, kuchibowola m'ngodya, kukhazikamo batire, n'kulimanga ndi chingwe choyanikira zovala. Bulu analira, ndipo a Orval anadutsa pa sitolo ya Wanda akuliza hutala, chipewa chili m'mwamba, ulendo wa kuphiri.

Zimene zinachitika kumeneko tinazimva kwa a Dwight, amene anali komweko akudula nkhuni. Akuti Bulu atalumpha mwala wina waukulu, chingwe chinaduka, batire linadumpha, mitu yake n'kupsopsona boneti. Kunamveka phuu! Moto unathetheka, utsi kuti tolo. A Orval anathamanga kukatsegula boneti, ndipo nsidze zawo zonse zinapita pomwepo. Anatsika phiri akukokedwa ndi galimoto ya a Dwight, munthu yemwe ankamutcha wakuba uja. Njira yonse sanayankhule kanthu, paja fisi akagwa m'mbuna salankhula. Atafika pakhomo m'pamene a Orval anafunsa a Dwight kuti, "Unadziwa bwanji kuti ndidutsa pamenepo?"

Za a Maxine ataona chiwaya chawo, anthu a tsidya lina la mtsinje anazimva okha popanda wowauza.

Kutacha a Orval analowa m'sitolo mwakachetechete, pamphumi pali see ngati dzira. Wanda anadziluma mlomo kuti asaseke.

"Colleen akubwera Loweruka," anatero. "Wamuuza ndiwe?"

"Ayi, madala."

"Sanakunong'oneze kuti undigulitse zowola, Bulu afe, anditenge?"

"Colleen sindinayankhule naye chiyambire Khirisimasi."

A Orval anakhala pampando wa pafupi ndi mbaula, akutembenuza chipewa m'manja. Atayankhulanso, mawu awo anali otsika moti Wanda anachita kuyandikira.

"Kumzinda kuja ndinakagonako. Nyumba zake ukatsegula windo umaona khoma la mnzako. Akakandiika kumeneko, mwana wa Gus, sindiona chilimwe."

Wanda ananyamuka. Anatenga thireyi yakuda ija, mawaya atsopano ndi bokosi la masipanala, n'kutseka sitolo, ulendo wa kwa a Orval. Mwamwayi batire linali litapulumuka, anapsa ndi mawaya okha. Anachotsa chiwaya, kupala dzimbiri, n'kuyamba kumanga. Bawuti iliyonse imene Wanda wamanga, a Orval ankaimasula, kuiyang'ana padzuwa, n'kuimanganso okha. Ntchito yoti n'kutha tiyi asanazizire inawatengera tsiku lonse. Pomaliza anagwira batire ndi manja awiri n'kuligwedeza mpaka galimoto yonse inavina, koma ilo silinasunthe.

Loweruka Colleen anafika nkhope itakonzekera nkhondo. Anayang'ana bambo ake kumaso.

"Ababa, nsidze zili kuti?"

"Ndameta. Kwera."

Anapotokola kiyi, Bulu n'kulira nthawi yomweyo. Anapita naye kuphiri mpaka pamwamba pamene ankamutengera ali kamtsikana. Pobwera, tsitsi la Colleen linali mbuu ndi fumbi, akuseka ngati mwana, ndipo nkhani yogulitsa galimoto siinatulukenso pakamwa pake.

Lolemba a Orval anaima pakhomo la sitolo. Wanda anaganiza kuti mwina lero amva zikomo.

"Yalira msanga kwambiri," anatero. "Pali chimene waikamo."

Anakhala nafe zaka zina zingapo, akukwera phiri lawo ndi kutsika. Mtima utayamba kuwavuta, dokotala anawapatsa mankhwala, iwo n'kumuuza kuti ayambe wamwa yekha. Abusa atabwera kudzawauza za kukongola kwa kumwamba, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kufunsa, "Inu munapitako?" Anamwalira m'nyumba yawo, chipale chofewa chitangoyamba kugwa pamwamba pa phiri, windo lili lotsegula monga anafunira. Colleen ndiye anatenga Bulu, koma sanapite naye ku Boise. Bulu amakhala kwa a Maxine, ndipo Colleen akabwera amamuliza.

Masiku ano ku Cutler Fork ukauza munthu kuti kwacha bwino amangovomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Malonda kwa Wanda amayenda msanga, ndipo madzulo amafika mochedwa.

Posachedwapa kunabwera bambo wina wachilendo wofuna batire. Wanda analitsitsa pashelefu, bamboyo n'kulinyamula osaliyang'ana n'komwe.

"Simulitembenuza?" anafunsa Wanda. "Simundifunsa ngati ndikukupusitsani?"

"Ayi, mayi," anatero mlendoyo akumwetulira. "Ndakukhulupirirani."

Wanda anamuyang'ana akutuluka mpaka chitseko chinatsekeka. Kenaka anapita kuseri kwa mashelefu, anakhala pa tayala lakale, n'kulira.