Chitini cha Ababa ndi Mlandu wa Banki

Lolemba
"Banki ikutsimikizira makasitomala ake onse kuti mlandu wake ndi a msonkho sukhudza ntchito, ndipo zitseko zikhala zotsegula monga mwa masiku onse." Yatero wailesi. Chabwino. Sabata ino ndalama za chiliza cha malemu amayi zichoke m'chitini cha kudenga, zipite ku banki. Makoswe alawa kale ngodya za mapepala awiri.

Lachiwiri
Zofunika: chiphaso cha ababa, zithunzi ziwiri, kabaza, kuleza mtima. Ababa akufunsa kuti banki yalakwanji. Ndikufotokoza kuti a msonkho akuilipiritsa msonkho womwe iyo ikuti inapereka kale. Ababa akuti: "Ngati ine pamsika paja." Ndi nkhani ya dengu limodzi la usipa lomwe anawadulira tikiti kawiri. Ndinayamba kuimva ndili Fomu 1.

Lachitatu
Tili pa boma, m'banki. Chitini chatsala kunyumba. M'malo mwake ababa anyamula usipa wouma m'nyuzipepala, wokapepesera. Kwa Tadala, mtsikana wa pa kauntala: "Mwanangu, limbani mtima. Nanenso anandichita zomwezo." Walandira ndi manja awiri, ababa amulondolera njira ya kwathu. Fomu sitinadzaze.

Lachinayi
Matikiti awiri aja apezeka, anali m'Baibulo la amayi zaka zonsezi. Ababa akufuna kukaikira banki umboni kukhoti. Ndikuwauza kuti khotilo lili kutali ndipo banki ili ndi maloya. "Maloyawo anawadulirapo tikiti kawiri?"

Lachisanu
Ndapempha tsiku ku loji komwe ndimagwira ntchito. Chitini m'chikwama, ababa m'jekete. Lero zitheka! Tisanafike pamsewu waukulu aimitsa kabaza. "Anthu ali pamavuto, ife tikawasenzetsenso ntchito yolonda ndalama za amayi ako?" Tabwerera wapansi, akabaza atalipidwa ulendo wonse.

Loweruka
Ndagula msampha wa makoswe. Ababa akulunga ndalama mu duku la amayi, atseka chitini, akwera pampando okha, ine ndagwirira. "Zizikhala pafupi ndi ife." Sinditsutsa.

Lamulungu
Titaweruka ku tchalitchi tapeza Tadala pakhonde, wabwera kudzathokoza usipa. Ababa amukhazika pampando wa amayi, akumuonetsa matikiti. Iye akumvetsera mosafulumira, akuti mawa sapita kuntchito. Chitini chizikhala kudenga, ndavomera. Wailesi ikubwereza chilengezo chija. Tadala akuti pachitseko cha banki pali loko wa a msonkho kuyambira Lachisanu m'mawa.