A Chakufwa ndi Mavoti a Pascal

Pa Nsaru sipanakhalepo munthu wokayikira zinthu ngati malemu a Chakufwa. Ngakhale dzira ankayamba aligwedeza pakhutu asanagule.

Pa 6 Malichi 2003 anatsegula kasukulu ka makompyuta kuseri kwa chigayo, n'kumaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu m'chilankhulo chimodzi chokha, Pascal. Zilankhulo zina zonse ankazitcha zipani zotsutsa.

Chaka ndi chaka pa intaneti pankatuluka mndandanda wa zilankhulo zimene olemba mapulogalamu amakonda, ndipo Pascal ankangotsetserekera pansi.

"Mavotiwo anawerenga ndani?" ankakalipa a Chakufwa. "Pa Nsaru pano panabwera bokosi? Ine anandifunsa?"

Tsiku lina Febe, wophunzira wawo wanzeru kuposa onse, anabwera kuchokera m'tauni atavala tisheti yolembedwa Python.

"Wakupatsa ndani?"

"Amagawa pamsonkhano, aphunzitsi. Chilankhulochonso n'chaulere."

"Eyaa! Lero malaya, mawa andilanda ana onse. Za nsalu zaulerezi ndinazionera patali mu 1994."

Anawo ankachokadi, poti mabwana a m'tauni sankafunanso Pascal. Atatsala asanu ndi anayi, Febe ananena poyera kuti zikapanda kusintha, nawonso anyamuka.

A Chakufwa anaitanitsa chisankho chawochawo pa 14 Juni 2014. Bokosi linali ndowa. Anaivundikira okha, n'kuikhalira mpaka nthawi yowerenga. Python anapeza mavoti asanu ndi awiri, Java awiri, Pascal imodzi. Anabwereza kanayi, pepala lililonse akuliunika padzuwa.

"Imodziyo ndi yanu, eti aphunzitsi?" anafunsa Febe.

"Ndi yanga. Koma nayonso sindikuikhulupirira."

Lolemba m'mawa ana anawapeza atakhala pabenchi ya ophunzira, kope lili pamwendo.

"Iwe Febe, tandiphunzitsa zakozo. Sikuti ndalowa chipani chanu ayi. Ndikufuna ndikawagwire ndili m'kati."

Anafufuza zaka zisanu ndi ziwiri. Wakuba mavoti sanamupeze, koma kasukulu kanadzaza mpaka ena kumakhala pawindo, ndipo a Chakufwa ankamufunsa aliyense watsopano kuti wamutuma ndani.

Anatisiya pa 3 Ogasiti 2021. Kumaliro kunabwera maminibasi atatu a ophunzira awo akale ochokera m'tauni.

Masiku ano foni ikatiuza kuti tivomereze, timangodina. Ndimadutsa kuseri kwa chigayo foni ili m'manja, palibe wondiimitsa kuti, "Mayi, tadikirani kaye."