Kusambitsa Kapitawo

Lolemba
Loweruka nkhunzi yanga, Kapitawo, ikupita kwa asebele kukalowola mkazi wa mwana wanga Zuze. Ng'ombe ndi yomweyi basi. Vuto: nkhupakupa m'makutu, kumchira, paliponse. Kudipi sikupitika, madzi atitsekera kuno ku Makhanga. Ndiisambitsa ndekha. Munthu ndakulira kupopera thonje, ng'ombe imodzi ingandikanike?

Lachiwiri
Alangizi a ziweto andipatsa mankhwala m'kachitini, ulaliki pamwamba:
- kachivindikiro kamodzi pa ndowa
- magolovesi, malaya aatali manja, nsalu kumphuno
- kupopera m'mawa, mphepo ili kumsana
- sopo pomaliza

Malaya aatali manja, kuchigwa kuno! Sukulu imawononga anthu.

Lachitatu
Kachivindikiro kamodzi n'ka nkhupakupa za ku Blantyre. Zathu n'zamakani, ndathira tinayi. Kuvundula ndi dzanja. Dzuwa paliwombo, ine chifuwa pamtunda, mphepo kumaso. Amake Zuze: "Mwasamba m'manja musanapichire fodyayo?" Ndinasamba dzulo.

Lachinayi
Nkhupakupa zikuyoyoka ngati masawu. Ukatswiri! Kungoti chiyambire dzulo mutu ukuwaza, dovu silikutha, maso akuona nkhungu, chikope chikuvina chokha. Kapitawo nayenso dovu chuchuchu, miyendo njenjenje. Alamu anga, dokotala wa pansi pa mtengo: "Imwani mkaka." Ndamwa. Wabwerera momwe unalowera.

Lachisanu
M'bwato, ulendo wa kuchipatala. Mpweya ukukanika. Apa ndiye ndikuopa, zoona. Amake Zuze anyamula khadi langa la chipani, poti popanda ilo kuchipatala sakulandira, ndi kachitini kaja. Dokotala akuwerenga kachitini, chinthu chomwe ine sindinachite. Majakisoni. Namwino: "Mukanabwera Lachitatu lomwe, bambo. Mkaka si mankhwala."

Loweruka
Tsiku la malowolo, ine chagada pabedi. Zuze wabwera, akuyang'ana khoma. Kapitawo wafa. Abale anafika msanga, ndi mipeni ndi mabeseni, chikondi chawo! Alangizi awabweza, nyama ili ndi poizoni. Aikwirira yathunthu m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime. Asebele atumiza mawu: "Ng'ombe nkhabe, mkazi nkhabe." Chisena chimenechi sichisowa womasulira.

Lamulungu
Ndikupuma bwino. Alangizi abwera kudzandizonda, angondisiyira sopo. Zuze akuti akalowa ntchito yodula nzimbe kuesiteti mpaka adzagule ng'ombe ina, ngati mtsikanayo adikire. Ndalephera kupepesa, manyazi. Ndangomufunsa ngati nkhunzi ija anaiona bwino asanaikwirire.

"Ndinaiona, bambo. Inalibe nkhupakupa ngakhale imodzi."