Machesi a Asewere Anga

Ndaphunzitsa ana a anthu kuno ku Chitipa mpaka kupuma ntchito, ndipo sindinachitepo manyazi pagulu kufikira tsiku limene ndinanyamula moto wa eni ake kupita nawo kubwalo la ndege.

Mwana wanga wamwamuna anakwatira mtsikana wa ku Wenya, ndipo amakhala ku Joni. Atanditumizira tikiti kuti ndikaone khanda lawo, asewere anga, mayi ake a mtsikanayo, anayenda wapansi mtunda wautali kudzanditsanzika. Anamasula mpango, natulutsa paketi yathunthu ya machesi.

"Asewere, kwathu mwana wamkazi akamayamba khomo lake amapala moto kwa mayi ake. Wanga anachoka mothamanga, sindinampatse. Khala la moto silingafike ku Joni, koma machesiwa agona m'khitchini mwanga. Mukampatse m'manja."

"Yewo chomene, akafika," ndinatero. (Lonjezo kwa asewere si lopepuka; ukaliphwanya, nkhani yake amadzaimva ndi adzukulu.)

Popeza inali nyengo yamvula, ndinakulunga machesiwo mu pitikoti yanga yoyera kuti asanyowe, n'kuwaika pansi penipeni pa sutikesi, pamwamba pake nyemba ndi ufa wa mawere. Ndinadziyamikira nzeru.

Ku Lilongwe anandiperekeza ndi mkamwini wanga, bambo a Tadala, mwamuna wa mwana wanga wamkazi. Timapatsana ulemu wonse: sitidyera pamodzi, sitiyang'anana m'maso.

Sutikesi italowa m'makina ounikira katundu, mayi wina wa yunifolomu anaimitsa lamba.

"Amayi, muli machesi umu?"

Ndinayankha m'Chingerezi changa cha ku sekondale kuti ndine mphunzitsi wopuma, ndipo fodya sindisuta.

"Sindinafunse za fodya, amayi. Tsegulani."

Anatsegula ndi bambo a Tadala, pakuti makiyi anali nawo ndi iwo. Mayiyo anachotsa nyemba, anachotsa ufa, kenaka anasolola pitikoti ija n'kuikutumula m'mwamba ngati mbendera. Paketi inang'ambika, mabokosi n'kumwazika mpaka kumapazi kwa azungu amene anali pamzere.

Mkamwini wanga anatembenukira kukhoma, nayamba kuwerenga chikwangwani cholozera kuchimbudzi ngati ndi Mawu a Mulungu.

"Achimwene, tolani machesiwo," anatero mayiyo.

Sanasunthe. Mayiyo anawayang'ana, anandiyang'ana, anayang'ananso chimene chinali m'manja mwake.

"Kodi ndi apongozi anu awa?"

"Eee," bambo a Tadala anayankha khoma.

"Mayo ine! Pepani amayi, inenso ndinabadwira pamudzi." Mwachangu anaipinda pitikotiyo, naibisa pansi pa nyemba.

Kenaka anandifotokozera motsitsa mawu kuti machesi saloledwa mu sutikesi, chifukwa akhoza kukhulana n'kuyaka kumene kulibe wowaona. Ngakhale m'kachikwama ka m'manja sayenera kukhalamo. Chololedwa ndi kabokosi kamodzi kokha, kapena laita imodzi, ndipo kakhale m'thumba la chovala chimene wavala.

Koma diresi yanga inalibe thumba. Ndinamuuza za asewere anga ndi ulendo wawo wapansi.

"Nanga chitenje muli nachochi ndi cha ntchito yanji? Sankhani kamodzi, mumange pamfundo m'chiunomo. Moto wa mayi suchepa."

Ndinamanga mfundo iwiri. Mabokosi otsalawo anatola ndi bambo a Tadala, maso ali pansi, napita nawo kwawo.

Ku Joni ndinapeza kuti amaphikira magetsi okhaokha. Panalibe ngakhale mbaula. Komabe mpongozi wanga anagwada, nalandira kabokosiko ndi manja awiri. Anayatsa kamtengo kamodzi pakati pa khitchini, nakayang'anitsitsa mpaka kanatsala pang'ono kumuotcha chala. Atatero anaimbira foni mayi ake, ndipo onse awiri analira m'Chitumbuka. Za mabokosi enawo sanafunse, inenso sindinaulule.

Ndimamuthokoza mayi wa yunifolomu uja, ngakhale dzina lake sindinafunse. Ndimawathokozanso bambo a Tadala, amene sanaitchulepo nkhaniyi kwa munthu aliyense. Koma pa Khirisimasi mwana wanga wamkazi ananditumizira diresi yatsopano, nati amene anaisankha ndi amuna ake. Ili ndi matumba awiri akuluakulu.

Ndimaivala Lamulungu lililonse, ndipo sindinafunse kanthu.